Nyenyezi ikagwera mkati mwake, zinthu zija zimapita kuti?

Aphunzitsi ena a sekondale andilembera imelo. Ophunzira awo akufuna kudziwa ngati n'zoona kuti nyenyezi yaikulu ikafa n'kusanduka black hole (malo okoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikuthawamo), zonse za mkati mwake zimafinyika mpaka kukhala kadontho kopanda msinkhu. Aphunzitsi, anawo muwayamikire, chifukwa afunsa penipeni pamene akatswiri akadali kukanda mitu.

Nyenyezi imakhala chilili chifukwa kutentha kwa pakati pake kumakankhira kunja, pamene mphamvu yokoka ikukokera mkati. Nkhuni zikatha, yokokayo imapambana. Mu 1939, asayansi Oppenheimer ndi Snyder anawerengera ndi masamu a Einstein n'kupeza kuti nyenyezi yolemera kwambiri imangogwabe osaima. Mu 1965 Roger Penrose anasonyeza kuti masamuwo amakafika pa singularity, kadontho kaja, pamene sathanso kupereka yankho.

Ine ndimakana kuuza ana kuti kadonthoko ndi chinthu chenicheni. Ndi pamene masamu a Einstein athera. Pomanga chiphunzitso chake cha mphamvu yokoka mu 1915, malamulo a quantum, olamulira tinthu tating'onoting'ono, sanawalowetsemo. Tsono nyenyezi ikafinyika motere, kukoka kwakukulu ndi tinthu tating'ono zimakumana pamodzi, ndipo pakufunika chiphunzitso chogwira zonse ziwiri. Chimenecho ndicho quantum gravity.

Ganizo limene limandikhudza ndi la Carlo Rovelli ndi Francesca Vidotto, la mu 2014. Iwo amatsatira loop quantum gravity, yonena kuti danga lenilenilo lili ndi timagawo tosagawikanso. Ngati zili choncho, kufinyika kuli ndi polekezera: nyenyezi imafika pothinana kotheratu, kenako imanjanja n'kubwerera kunja. Anaitcha Planck star. Mkatimo zimachitika mwachangu, koma poti nthawi imayenda pang'onopang'ono kwambiri pamene kukoka kuli kwakukulu, ife akunja tingadikire zaka mabiliyoni. Anawo muwauze mosabisa kuti ili ndi ganizo chabe, palibe chipangizo chimene chalitsimikiza.

Ngakhale zimene Stephen Hawking anapeza mu 1974, zoti black hole imatulutsa kutentha pang'onopang'ono mpaka kutha, sizinaonekebe kumwamba. Yolemera ngati dzuwa lathu ndi yozizira kuposa thambo loizungulira, choncho panopa imameza zambiri kuposa zimene imatulutsa. Kuti itheretu pangapite zaka zimene polemba mungaike 1, kenako maziro 67. Mulembe nambalayi pa bolodi, anawo awerenge okha maziro.