Kodi kampani ingaletse nambala yachinsinsi imene yatuluka kale?

Mwalemba kuti munaika pa tsamba lanu nambala yotsegulira mafilimu otsekedwa, ndipo kampani ya ku America yosunga tsambalo yaifufuta italandira kalata ya maloya. Funso lanu nlakuti: nambala ingakhale bwanji ndi mwiniwake?

Pamenepo mfundo muli nayo. Khoti lalikulu la America, pa mlandu wa Feist mu 1991, linagamula kuti copyright (lamulo la umwini wa zopeka) imateteza zimene munthu wapeka ndi nzeru zake, ndipo nambala yosankhidwa mwachisawawa ndi makina nkovuta kuitcha yopeka. Koma maloyawo salowera khomo limenelo. Amadalira gawo 1201 la lamulo la DMCA la 1998, loletsa kufalitsa chida, ngakhale chigawo chake, chothyolera loko wa filimu. Ndi mmene AACS LA, bungwe loyang'anira loko wa madisiki a mafilimu a HD DVD ndi Blu-ray, inachitira mu 2007 ndi nambala yotsegulira madisikiwo yoyamba ndi 09 F9. Ogwiritsa ntchito tsamba logawana nkhani la Digg anaiwanditsa ponseponse, komatu kuwanda sikufafaniza lamulo.

Msampha umene umagwetsa ambiri uli pa fomu yotsutsa, ija amati counter-notice. Kampani yosunga tsamba imakutumizirani mosaganiza, ngati kalata iliyonse ya maloya ndi yofanana, ndipo zimenezi zimandikwiyitsa. Fomuyo ndi ya gawo 512 la lamulo lomwelo, lokhudza kukopera ntchito ya mwini. Ngati kalata yanu ikutchula 1201, fomuyo siyikutetezani. Choipa kwambiri, mukasaina mumalumbira kuti anafufuta molakwitsa, mumapereka dzina ndi adiresi, ndipo pokhala kunja kwa America mumavomera kuzengedwa mlandu m'khoti la feduro kulikonse kumene kampaniyo ipezeka. Mwadzipereka nokha kwa anthu amene mwina sakanakupezani.

Khoti lingagamule bwanji? Sindingalonjeze. Pa mlandu wa Corley mu 2001, khoti la apilo linavomereza kuletsa magazini ya 2600 kufalitsa pulogalamu ya DeCSS yothyolera loko wa ma DVD, ngakhale kuika malinki ake. Imeneyo inali pulogalamu yathunthu, yanu ndi nambala chabe, ndipo pali mpata wotsutsa. Koma George Hotz, katswiri wothyola maloko a makompyuta, atasumiridwa ndi Sony mu 2011 pa makiyi a PlayStation 3, anangogwirizana nawo kunja kwa khoti. Chindapusa chophwanya gawo 1201 chimayambira pa madola 200 kufika 2,500 pa kuphwanya kulikonse.

Werengani kalatayo muone gawo limene yatchula. Sungani kope lake ndi tsiku limene munailandira. Musaikenso nambalayo mwanjira ina, kaya pachithunzi kaya m'nyimbo, chifukwa khoti lidzati mumadziwa. Musawayankhe nokha maloyawo, ngakhale achibale akuti kukhala chete ndi mantha. Kulemba za nkhaniyi popanda nambala kapena linki kulibe chiopsezo chachikulu. Fomu ija ikafike kaye kwa loya wodziwa malamulo a America musanasaine.