Wosambitsa akhale wina, wolondoloza akhale wina

Achemwali, pepani ndi matenda. Mwati mayi anafa ziwalo mbali imodzi ndi sitiroko, atuluka m'chipatala ali kumudzi ku Chonde, inu muli ku Joni. Mwapeza mtsikana woti aziwasamalira, ndiye mukufunsa ngati yemweyo angamayendetsenso za kuchipatala, za ndalama ndi zofunafuna njinga ya olumala, kapena mupereke zonsezo kwa bambo amene wabwera kuti ndi wa bungwe ndipo muzimulipira pamwezi.

Ndinene mosapsatira: onse awiriwo ayi. Mtsikanayo sindikumukayikira, sindikumudziwa n'komwe. Koma ntchito ya wolondoloza chisamaliro ndi kufunsa mafunso owawa. Mayi atembenuzidwa kangati lero? Mankhwala a BP atsala angati? Ya sopo ndi matewera ija yagwira ntchito yanji? Munthu sadzifunsa yekha n'kudzipeza wolakwa. Odwala ogonera mbali imodzi amayamba kufiira kapena kuderako khungu m'chiuno, kumchira wa msana ndi pachidendene, ndipo pakangopita masiku ochepa pamatuluka chilonda. Mtsikana wotopa, woopa kuti ntchito imuthera, amangofunditsa chitenje, inu mukaimba foni n'kumati "agogo ali bwinobwino, adya nsima." Pofika poti fungo liulule, chilonda chalowa mkati. Pamafunika munthu wina wobwera ndi maso ake, wovundukula chitenjecho.

Kumbali ya boma, anthu a ntchito imeneyi alipo ndipo salipiritsa. Yambani ndi ofesi ya Social Welfare pa boma pa Mulanje, yomwe ili pansi pa khonsolo. Iwo ndi amene amalemba nkhani ya munthu, kuona mmene pakhomo palili, n'kumulozera koyenera. Chachiwiri ndi a MACODA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, omwe ambiri tikuwatchulabe MACOHA. Dzina linasintha ndi lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024, lomwe linalowa m'malo mwa la 2012 ndi la 1971. Alangizi awo ndi amene amadziwa komwe kungapezeke njinga, ndodo zoyendera ndi zina zotero. Musayembekezere kuti azibwera sabata ndi sabata, mafuta a njinga zamoto m'maofesimu ndi nkhani yodziwika. Koma dzina la mayi likakhala m'buku mwawo, thandizo likabwera m'boma muno sadumphidwa.

Za thupi zisiyireni achipatala. A mafizo, aja ophunzitsa kulimbitsa ziwalo, pa chipatala cha boma ndi amene anganene kuti mkono uziwongoledwa chotani, mwendo uzipindidwa mpaka pati, ndipo amaphunzitsa wosamalirayo kuti azichita yekha pakhomo. Mtsikanayo apite nawo tsiku la mafizo, aone ndi maso, agwire ndi manja. Miyezi yoyambirira chichitikireni sitiroko ndi imene thupi limamva msanga, musaitaye podikira kuti mubwere pa Khrisimasi. Akaona kuti pakufunika zambiri, iwowo ndi amene amatumiza ku chipatala cha mafizo cha Kachere ku Blantyre, kufupi ndi chipatala cha Queens. Kumudziko wapafupi kwambiri ndi mlangizi wa zaumoyo, uja amachititsa sikelo ya ana. Iye sasintha mankhwala, koma amatha kudutsa, kuona chilonda chikuyamba, n'kunena kuti thamangani ku chipatala cha Chonde. Mupezereni nambala yake, ndipo mumulemekeze.

Tsono anthu onsewa aliyense amagwira chigawo chake. Wowalumikiza tsiku ndi tsiku amachokera m'banja, ndipo apa mpamene mabanja ambiri amaphonya. Kwathu kuno timathamangira kunena kuti amalume ndiwo eni mbumba, zonse zidzere kwa iwo. Auzeni ndithu, musawalambalale, mungadzayambitse milandu ina pamwamba pa matenda. Koma ulemu ndi wina, ntchito ndi ina. Wolondoloza akhale woti amatha kuwerenga buku la kuchipatala, amakhala pamtunda woyenda wapansi, sachita manyazi kufunsa adokotala kuti abwereze zomwe anena, ndiponso ndalama ikalowa pa Mpamba kapena Airtel Money mtima wake sugunda. Kaya ndi mdzukulu, kaya ndi mayi aang'ono, kaya ndi mayi wamvano wa kumpingo kwawo amene banja lonse lamuvomereza. Mugulireni kope wamba la kusukulu. M'menemo azilemba tsiku lobwereranso kuchipatala, mankhwala omwe alandira, ndalama yalowa ndi yatuluka, ya kabaza yomwe. Lamlungu lililonse ajambule tsambalo akutumizireni pa WhatsApp, ndipo abale ena aziliona, kuti mawa pasadzakhale zoti "ndalama za ku Joni zimathera kwa uje."

Ndipo mayiwo afunsidwe. Sitiroko imatha kupotoza pakamwa nzeru zili zonse. Ngakhale mawu sakutuluka bwino, amatha kugwedeza mutu. Ndi thupi lawo lomwe lizivulidwa, ndi ndalama za mwana wawo zomwe zizigwiritsidwa ntchito. Munthu amene iwo sakumufuna musamuike, ngakhale atakhala wochenjera chotani.

Za bambo a bungwe aja. Mabungwe enieni alipo ndipo ena amagwira ntchito yabwino zedi m'midzimu, koma bungwe loona limadziwika kwa amfumu, ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ku khonsolo. Funsani dzina la bungwelo, wina akafunse ku Social Welfare ngati akulidziwa. Akati ndi namwino, aonetse chiphaso cha Nurses and Midwives Council. Akati ndi wa mafizo, cha Medical Council of Malawi. Wantchito weniweni sakwiya ndi funso limenelo. Chitupa cha unzika cha mayi, buku lawo la kuchipatala ndi simu khadi yolandirira ndalama zisachoke pakhomo. Akayamba zoti "ndiwalembetsa Mtukula Pakhomo mukandipatsa kangachepe," dziwani kuti mwakumana ndi tambwali. Ndondomeko imeneyo, chiyambire ku Mchinji mu 2006, ndi ya mabanja ovutikitsitsa opanda wowagwirira ntchito, ndipo mayina sagulidwa.

Chinthu china chomwe simunafunse: mtsikanayo azipuma. Kunyamula munthu wamkulu kupita naye kubafa m'mawa ndi madzulo kumathyola msana, ndipo wotopa ndi amene amayamba kukalipira wodwala. Wolondoloza akonze zoti tsiku limodzi pa sabata wachibale azimulandira, ndipo malipiro ake muzimutumizira iye mwini pa foni yake, osadzera m'manja mwa wina.