Kusagona kumeneko musakuone mopepuka

Amayi, mwana wanu wa zaka 16 amene anapatsidwa mankhwala a depression (matenda okhumudwa kwambiri) ndipo tsopano sagona koma satopa, mwina ali ndi bipolar, matenda amene munthu amasinthasintha pakati pa kukhumudwa kwambiri ndi kuchangamuka kopitirira muyeso; mubwerere naye kuchipatala sabata ino, musadikire tsiku limene anakulemberani pakhadi.

Mwana wanga wamkazi anayamba ali mu Giredi 11 ndi kudzitsekera m'chipinda, kukana nsima ndi kulira kosalekeza. Pakiliniki ina kuno ku Lusaka anamupatsa mankhwala a depression otchedwa fluoxetine osafunsa chilichonse cha kumtundu kwathu, chonsecho mkulu wa bambo ake anadwala matenda a maganizo kwa zaka zambiri. Patapita milungu yochepa mwana anachangamuka ndipo tonse tinkati wachira. Ankayankhula mothamanga moti simukanatha kumudula mawu, ankachapa zovala za nyumba yonse pakati pa usiku akuimba, kenako anagulitsa foni yake. Usiku wina tinadzidzimuka chitseko chili chotsegula, ndipo tinakamupeza m'bandakucha pasiteshoni ya mabasi ya Intercity alibe nsapato, mapazi akutuluka magazi, akukangana ndi makondakitala kuti amukweze basi ya ku Johannesburg chifukwa Mulungu wamutuma kukatsegula kampani. Atandiona anandikalipira pagulu kuti ndikumutsekereza mwayi.

Chimene chimandiwawabe n'chakuti titabwerera kukiliniki kuja, munthu yemwe anamupatsa mankhwala uja anati ndi msinkhu chabe, mwinanso chamba, ndipo anandilangiza kuti ndimukhaulitse. Mwana akudwala chonchi, iye n'kumati ndi mwano!

Dokotala wa matenda a maganizo ndiye anatifotokozera kuti mwa achinyamata bipolar kawirikawiri imayamba ndi depression, kuti mankhwala a depression akaperekedwa okha angathe kuyambitsa kusakhazikika kotereku, ndiponso kuti matendawa saoneka poyeza magazi koma pomva mbiri ya wodwala. Madokotala amafuna kudziwa ngati mwana anakhalapo masiku 4 otsatizana, kapena mlungu wathunthu, ali ndi mphamvu zachilendo, akugona pang'ono komanso akudzimva wapamwamba.

Muzilemba m'kope maola amene wagona, mufunse akuluakulu a kuchimuna ndi kuchikazi za matenda a m'banja, ndipo mupite nazo kuchipatala cha matenda a maganizo cha Chainama kapena kuchipatala chachikulu cha UTH. Komabe musamusiyitse mankhwala panokha, mutsatire zimene achipatala akuuzeni ngakhale mtima ukukayika. Akamupatsa mankhwala a bipolar otchedwa lithium muonetsetse kuti akumuyeza magazi pafupipafupi chifukwa cha impso ndi chithokomiro. Akangotchula zodzipha musadikire kuti kuche, mupite naye kuchipatala usiku womwewo, ndipo nambala ya foni yothandizira ana ya Childline ndi 116.