Funso la mpunga wa Kilombero: thumba lina kununkhira, lina zii

Mayi ena ochokera ku Karonga, cha ku Kaporo uko, andilembera imelo. Akuti iwo ndi alembi a kalabu ya alimi a mpunga, anapeza kasitomala wa shopu ku Lilongwe, koma ulendo wachiwiri munthuyo wabweza matumba ena akuti mpunga wake ndi wosiyanasiyana, lina kununkhira bwino lina zii, lina misere yokhayokha. Akufunsa kuti apange bwanji kuti aliyense mu kalabumo azibweretsa mpunga wofanana.

Mayi, ine ndiyambira pa mbewu osati pa chigayo ayi. Kilombero anthu amamugula chifukwa cha fungo lake ndi njere zazitali zija, ndiye ngati mlimi mmodzi akusunga mbewu imene inasakanikirana ndi mitundu ina ya mpunga monga Faya kapena Pussa zaka zapitazo, thumba lake silinganunkhire ngati la mnzake ngakhale mulipete kangati. Gulani mbewu malo amodzi ngati kalabu, alangizi anu akuuzani kumene kuli mbewu yovomerezeka, paja ku Lifuwu ku Salima kuli malo ofufuzira za mpunga. Mpunga ukayamba kutulutsa ngala muziyenderana m'minda, phesi lililonse losiyana ndi anzake kutalika kapena locha msanga, zulani. Anthu amamva chisoni kuzula, ndikudziwa, koma zulani basi.

Za misere zija nthawi zambiri ndi kayanikidwe. Mpunga wochedwa kukolola, kapena woyanikidwa pa dzuwa lowawa tsiku lonse osautembenuza kenaka n'kumwa mame usiku, umang'aluka m'kati muli m'mankhusu momwemo, maso sangaone, ukangofika ku chigayo ndi phwanyu. Chinyezi chizikhala cha m'ma 14% pogaya. Kuluma njere ndi mano kumathandiza inde koma mano a anthu 30 sangagwirizane, sonkherani kamakina koyezera chinyezi kamodzi kazikhala kwa inu alembi. Ndipo aziyanika pa lona, pansi ndi pamene pamachokera timiyala tija timathyola anthu mano.

Tsono pamene makalabu ambiri amagwera ndi apa, kulipira mtengo umodzi kwa aliyense. Munthu wavutika kuzula, kupeta, kuyanika bwino, alandira chimodzimodzi ndi amene wangokokolola za pansi, chaka chamawa avutikiranji? Ikani magiredi, giredi 1 ndi giredi 2, mitengo yosiyana, ndipo mugwirizane zimenezi pa msonkhano mpunga usanakololedwe, zilembedwe m'buku. Thumba lililonse likhale ndi nambala ya mwini wake kuti likabwezedwa mudziwe kuti ndi la ndani. Oyeza asakhale munthu mmodzi, komanso asamayeze thumba la mlamu wake kapena la apongozi, mukudziwa nokha mmene zimathera kumudzi, ngakhale la atcheya liziyezedwa pagulu.

Zinazi ndi za mapepala. Lembetsani kalabu ikhale kopaletivi, mukayamba kupakira m'mapaketi a 1kg kapena 5kg masitolo akuluakulu adzafuna chizindikiro cha a Malawi Bureau of Standards. Onaninso anzanu a KASFA, bungwe la alimi ang'onoang'ono konko ku Kaporo, mpunga wawo unafika mpaka ku Scotland kudzera ku bungwe la zamalonda la Just Trading Scotland, apempheni mukaone mmene amalandirira mpunga kwa mamembala.

Kasitomala uja muimbireni, matumba obwezedwawo muwasinthe, ndipo ulendo uno mumutumizire kaye kasampulo ka kilo imodzi aphike yekha kunyumba.