Funsani Akalipentala: Wadirobu yofika kusiling'i m'chipinda chaching'ono

*Ndimachita lendi chipinda cha mamita 3 mbali zonse ku Rosettenville. Muli bedi ya dabulo, ndipo zovala zanga, za bambo akunyumba ndi za mwana zili m'masutikesi ndi m'zikwama zamizeremizere zija. Ndikufuna wadirobu yoyambira pansi mpaka kusiling'i. Ndiyambire pati?*
— Mayi wa ku Rosettenville

Mayi, yambani ndi tepi, ndalama zidikire kaye. Yezani kuchokera pansi mpaka kusiling'i malo atatu: kumanzere, pakati ndi kumanja kwa khoma lomwe mwasankha. Malamulo omangira nyumba kuno ku South Africa amati chipinda chogona chisachepere mamita 2.4 kutalika, koma nyumba zakale za kum'mwera kwa Joni zambiri zimapitirira pamenepo, ndipo pansi pake sipakhala polingana. Pa miyezo itatuyo tengani waung'ono kwambiri.

Tiyerekeze kuti mwapeza 2,400 mm. Musalole kalipentala akudulireni matabwa a m'mbali otalika 2,400 mm. Bokosi limalumikizidwa litagona pansi kenako n'kudzutsidwa, ndipo thabwa la 2,400 mm m'litali ndi 600 mm m'lifupi limafuna pafupifupi 2,475 mm kuti lidzuke, chifukwa ngodya yake imakwera poyamba. Limakakamira panjira, kapena kuboola siling'i ya alandilodi. Choncho wadirobu yotere imapangidwa m'zigawo zitatu zosanjikizana: kamaziko ka matabwa a paini a 38 x 76 mm oimikidwa cham'mbali, bokosi lapansi la 1,900 mm, ndi bokosi lapamwamba la 400 mm. Zonse pamodzi ndi 2,376 mm. Mpata wa 24 mm wotsalawo mumautseka ndi kathabwa kopyapyala kutsogolo kuti fumbi la mwezi wa Ogasiti lisapezepo pogona. Kamazikoko timati kakhale ka paini osati chipboard (bodi ya tizidutswa ta matabwa tomatidwa pamodzi) chifukwa chipboard ikamwa madzi okolopera imafufuma ndipo sibwereranso.

Kuya kwa wadirobu kukhale 580 mm, n'kuwonjezera chitseko kufike pafupifupi 600 mm. Hang'ala ndi yotambalala masentimita 42 mpaka 45, ndipo jekete ikapachikidwapo imaonjezera. Wadirobu ya 450 mm imaoneka ngati yapulumutsa malo, koma chitseko chimapana manja a malaya tsiku lililonse.

Tsopano bedi. Ya dabulo kuno ndi 1,370 mm m'lifupi ndi 1,880 mm m'litali. Ikagona mofanana ndi wadirobu, mbali ina itagunda khoma, pakati pamatsala mita imodzi ndi pang'ono, ndipo chitseko cha 600 mm chimatseguka bwinobwino. Koma ngati kumiyendo kwa bedi kwaloza wadirobu, pamatsala 520 mm yokha. Pamenepo bokosi lililonse lotambalala 600 mm likhale ndi zitseko ziwiri za 300 mm. Zitseko zotsetsereka ambiri amazikonda, koma njanji zake zimadya pafupifupi masentimita 8 mpaka 10 a kuya, ndipo pansi pakapendekeka zimadzitsegukira zokha. Ngati thumba lapepuka, siyani zitseko, mangani waya wa katani ndi kupachikapo zitenje ziwiri. Zitseko mudzaika chaka chamawa.

Matabwa ake ndi chipboard yokutidwa ndi melamine (kachikuto kosalala konga pulasitiki), yokhuthala 16 mm, yomwe imagulitsidwa m'mapepala a 2,750 x 1,830 mm. Pepala limodzi limatuluka mizere itatu ya 580 mm, ndipo mzere uliwonse umapereka thabwa la m'mbali la 1,900 mm ndi lina la 400 mm. Wadirobu yotambalala mamita 1.2, ya mabokosi awiri a 600 mm ogundizana pansi ndi ena awiri pamwamba, mashelefu anayi ndi zitseko, imatha mapepala atatu. Masitolo ambiri ogulitsa mabodi amadula ndi kumata m'mphepete mukawapatsa mndandanda wa miyezo, ndipo makina awo amadula mowongoka kuposa sowo yapamanja, imene imabenthula melamine. Kumbuyo ikani hadibodi, bodi yopyapyala ya 3 mm. Musanaikhomere yezani bokosi mopingasa, ngodya ndi ngodya, mbali zonse ziwiri. Miyezo ikasiyana ndiye kuti bokosi lapotoka ndipo zitseko sizidzakumana.

Polumikiza gwiritsani masikuluu a chipboard a 4 x 50 mm, mutayamba mwaboola kabowo ka 3 mm, ndipo musayandikire kumapeto kwa thabwa kuposa 50 mm, lingang'ambike. Guluu ayi. Munthu wa lendi amasamuka, ndipo wadirobu yomata ndi guluu imatuluka m'nyumba ili nkhuni. Chitseko cha 1,900 mm chimafuna mahinjesi anayi. Awiri amagwira miyezi ingapo kenako chitseko chimayamba kukwekwesa.

M'kati, bokosi limodzi lapansi likhale ndi ndodo ziwiri zopachikapo, ina pamwamba ina pakati, iliyonse ndi mpata wa 900 mm ndi pang'ono, wokwanira malaya ndi mathalauza opinda. Linalo likhale la mashelefu otalikirana 300 mm, kapena ndodo imodzi ngati muli ndi madiresi aatali ndi yunifomu ya Mvano, zomwe zimafuna 1,600 mm. Shelefu ya 16 mm isapitirire 600 mm popanda chochirikiza pakati, chifukwa zitenje zopinda n'zolemera kuposa momwe zimaonekera ndipo thabwa limapindika ngati uta. Pamwamba mpamalo pa mabulangete a mu June ndi katundu wodikira basi ya kumudzi. Zolemera monga mapoto ndi makina osokera zikhale pansi.

*Alandilodi anga ku Yeoville akana kuti ndiboole khoma. Kodi wadirobu yaitali chonchi singaime yokha?*
— Bambo wa ku Yeoville

Bambo, kuima imaima, koma sitingakulangizeni kuisiya choncho, makamaka ngati m'nyumbamo muli ana. Zitseko zonse zikatseguka kulemera kumabwera kutsogolo, ndipo mwana akakwera pashelefu imagwa naye. Bwererani kwa alandilodi muwauze kuti mukupempha mabowo awiri okha a 8 mm pa bokosi lililonse, oikamo mapulagi a pulasitiki ndi tizitsulo topinda ngati L, ndipo potuluka mudzawatseka ndi Polyfilla, phala lotsekera mabowo, n'kupaka penti. Akavomera, alembe, ngakhale pa WhatsApp. Lamulo la Rental Housing Act la 1999 limati mwini nyumba ndi wochita lendi ayendere limodzi nyumba polowa ndi potuluka, ndipo zoonongeka zimadulidwa pa dipoziti, choncho jambulani khomalo musanayambe. Mugwirizanenso ngati wadirobuyo mudzaitenga.

Poboola pewani mzere wowongoka pamwamba ndi pansi pa soketi kapena switchi, chifukwa mapaipi a mawaya amagetsi amadutsa m'menemo. Musamangirire wadirobu kusiling'i ya mabodi a gypsum, sikuluu imangozuka. Akakanitsitsa, lumikizani mabokosi onse ndi masikuluu akhale chinthu chimodzi, ikani timatabwa topyapyala pansi pa maziko kutsogolo kuti wadirobu itsamire kukhoma pang'ono, ndipo kathabwa kotseka mpata wapamwamba kaja kakhale kothina, kuti ikafuna kugwa igunde siling'i.

*Zovala zanga zikuchita chuku kumbuyo kwa wadirobu. Ndimaganiza kuti ku Joni n'kouma?*
— Wowerenga wa ku Cosmo City

Achemwali, kumauma m'nyengo yozizira, koma kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula imanyowetsa makoma, ndipo zipinda zambiri zakuseri zinamangidwa ndi njerwa mzere umodzi. M'nyengo yozizira nayonso, mukaphika ndi kusamba m'chipinda chotseka mawindo, nthunzi imasanduka madzi pakhoma lozizira, makamaka loyang'ana kum'mwera lomwe siliona dzuwa. Sunthirani wadirobu kukhoma lam'kati. Zikakanika, siyani mpata wa 30 mpaka 50 mm kumbuyo, boolani mabowo angapo a 35 mm muhadibodi pansi ndi pamwamba kuti mpweya uziyenda, tsukani khoma ndi Jik wosungunula m'madzi mawindo ali otsegula, ndipo lidikireni liume masiku awiri. Chovala chochokera pachingwe chili ndi kachinyezi chisalowe m'wadirobu, ngakhale kunja kukugunda mabingu.