Galimoto ikugogoda m'mawa, nditenge katapila?

Funso: Zikomo aphungu. Ndili ndi ka Toyota Sienta komwe ndinagula chaka chatha, kamayenda taxi kuchoka ku Area 25 kupita mtauni ndipo dalaivala amandipatsa K40,000 patsiku. Chiyambireni kuzizira mu June muno, m'mawa akangoliza injini mumamveka kugogoda ngati wina akumenya chitsulo mkati, pakapita kanthawi kumasiya. Dalaivala akuti injini yatsala pang'ono kunoka, tigule ina. Ndalama ndilibe, zomwe ndinasunga zinathera pa maliro a amalume ndi fizi ya mwana wa achemwali. Pali munthu wati andibwereka K1.5 miliyoni pa 30 peresenti pamwezi. Nditenge? Oilo tinasintha nthawi ya Khrisimasi.

Yankho: Achimwene, ayi musatenge. Koma mawu andikhudza ine ndi omalizawo, omwe mwangowaponya kumapeto ngati nkhani yapadera. Khrisimasi? Tiyeni tiwerengere limodzi. Taxi ya Area 25 tingoyerekeza kuti imayenda makilomita 150 patsiku, masiku 6 pasabata, ndiye kuti 900 pasabata, pamwezi pafupifupi 4,000. Kuchoka December kufika pano mwadutsa makilomita 20,000 ndi oilo yemweyo, pomwe galimoto yogwira ntchito yotere pafumbi lathuli, kuima ndi kunyamuka tsiku lonse, imafuna oilo watsopano ndi fyuluta pa makilomita 5,000 alionse. Masevisi anayi mwawadya inuyo, ndiye injini ikugogoda pakhomo kudzaitanitsa ngongole yake basi.

Za phokosolo, ine si makaniko koma ndaonapo eni mataxi ambiri akugula injini pomwe vuto linali fyuluta. Galimoto ikagona usiku oilo yense amatsikira pansi mu sampu, beseni la oilo la pansi pa injini, ndiye m'mawa pamatenga timasekondi kuti pampu imukankhire kumtunda, ndipo kukazizira oilo amalimba makamaka akakhala wakale wakuda bii ngati wanuyo. Fyuluta yabwino imakhala ndi kavalavu koletsa oilo kubwerera pansi, zotchipa zosadziwika kochokera zija kavalavuko kamakhala kongonamizira. Ndiye mawa mudzuke nokha, musatume munthu, muime pambali pa boneti ndi foni m'manja muwerenge nthawi. Likakhala phokoso la kwetekwete ngati unyolo kwa masekondi awiri kapena atatu kenako zii, nthawi zambiri ndi oilo wochedwa kufika, kapena tensioner, kachipangizo kokunga tcheni cha timing mkati mwa injini, kapena kagiya ka VVT-i kowongolera nthawi yotsegukira mavalavu, komwe pa Toyota zamtunduwu kamakonda kulira m'mawa kakayamba kutha. Zimenezo ndi zokonzeka, injini siichotsedwa. Likamatenga mphindi zingapo n'kumachepa pang'onopang'ono pamene injini ikutentha, akhoza kukhala mapisitoni omwe akugwedera mu silinda, akatentha amafufuma n'kukhala bwino, ndipo galimoto zambiri zimayenda nalo vutoli kwa nthawi yaitali ndithu. Choopsa ndi kugogoda kwakuya kwa pansi, gu gu gu, komwe kumakula mukaponda mafuta, sikusiya ngakhale injini itatentha, komanso kagetsi kofiira ka oilo kakuphethira galimoto itangoima ikulira. Amenewo ndi ma bearing, tizitsulo tomwe shafti ya injini imazungulirapo, ndipo zikatero muzimitse pompo, isanyamulenso munthu. Inu mwanena kuti kumasiya, ndiye mtima ukhale m'malo pang'ono.

Mukapita kugalaja galimoto ikagone komweko kuti makaniko akailize yekha itazizira, chifukwa mukafika nayo itatentha adzangolota vuto n'kukulemberani mndandanda wa zogula. Muwauze ayeze presha ya oilo ndi geji, ndipo pokhetsa oilo wakaleyo muyang'ane mu beseni nokha padzuwa, mukaona tonyezimira ngati tamkuwa ndiye kuti ma bearing akudyeka. Oilo mugule wosindikiza bwino wa nambala yomwe injiniyo imafuna, osati wa m'zigubu zopanda dzina wa m'mbali mwa msewu. Adalaivala anunso muwauze asiye kuiponda mwamphamvu ikangolira pothamangira siteji. Sindikuwanamizira kanthu adalaivalawo, koma munthu amene amathamangira kunena kuti tigule injini asanayang'ane n'komwe kachitsulo koyezera oilo, ine ndimafunsa kaye ngati wogulitsa injiniyo si mnzawo.

Tsopano katapila uja. 30 peresenti ya K1.5 miliyoni ndi K450,000 mwezi uliwonse, chiwongoladzanja chokha, ngongole yeniyeniyo ili chikhalire. Galimoto yanu ikayenda masiku 26 osaphonya imabweretsa K1,040,000, ndiye pafupifupi theka mukupatsa munthu amene sanagule ngakhale tayala limodzi, ndipo ndikudziwa akufuna blue book ngati chikole, amatero onse. Miyezi itatu mwapereka K1,350,000, mwatsala pang'ono kugula injini yachiwiri koma mulibe, ndipo mukangophonya mwezi umodzi chifukwa galimoto yagona kugalaja sabata ziwiri, chiwongoladzanja chimabereka chinzake, kenako mudzaiona Sienta yanu ikudutsa pa Bwandilo wina akuyendetsa. Makalata otere ndawawerenga ambirimbiri ndipo mathero ake amafanana ngati mapasa.

Cholakwa chanu chachikulu n'choti K40,000 ija mumaitenga ngati yonse ndi phindu. Ayi, mkati mwake muli oilo, matayala, mabuleki, inshuwalansi, COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), ngakhale injini yomwe tsiku lina idzathadi. Galimoto nayo ndi wantchito, imafuna malipiro ake. Muzichotsa K8,000 tsiku lililonse musanagule ngakhale bandulo, pamwezi ikukwana K208,000, muiike pa nambala ina ya Mpamba kapena Airtel Money yomwe simuyenda nayo m'thumba. Mukanayamba mu January bwenzi pano muli ndi ndalama yoposa miliyoni kuchotsapo masevisi, ndipo kalata iyi simukanalemba. Mugulenso kope la ana asukulu lija, likhale mu galimoto, Loweruka lililonse muzilemba makilomita omwe ali pa dashibodi, ndalama yalowa, ndi chomwe chagulidwa. Panopa ndikakufunsani kuti galimotoyi yakupatsani zingati chigulireni mungoyang'ana kudenga.

Za achibale ndisanene zambiri, amalume ause mumtendere ndipo maliro sitithawa, tonse timasonkha. Koma kumudzi akangomva kuti uje ali ndi galimoto mtauni basi mwasanduka banki, foni iliyonse ndi vuto la mwadzidzidzi. Muzithandiza kuchokera pa gawo lanu, mudziikire malire pamwezi, yakwana yakwana. Ndalama ya galimoto mukaipereka kwa achemwali lero, chaka chamawa fizi yomweyo idzachokera kuti galimoto ili pamiyala kuseri kwa nyumba nkhuku zikuikiramo mazira? Muwauze choncho momveka, adzakwiya sabata imodzi.

Ndiye sabata ino tageti, K40,000 ya patsiku ija, ya masiku atatu kapena anayi isapite kwina, mugule oilo ndi fyuluta yeniyeni, galimoto igone kugalaja usiku umodzi. Phokoso likapitirira ndipo makaniko awiri osadziwana anena zofanana kuti ndi ma bearing, mundilemberenso tikambe za banki mkhonde kapena SACCO komwe chiwongoladzanja sichiluma chonchi, koma mubwere ndi kope lija litalembedwa.