Madzi a m'rediyeta akupita kuti?

Mayi wina wa ku Nchalo wandilembera imelo. Ali ndi Toyota Sienta yomwe amakapikulira katundu ku Limbe. Akuti pakapita masiku atatu amathira m'rediyeta madzi a pamjigo pafupifupi lita imodzi, ndipo sabata yatha akukwera chitunda cha Thabwa kanyali kofiira kosonyeza kutentha kanayaka. Makaniko wawo akuti yapsa gasiketi (chomatira chomwe chimakhala pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake), komanso akufuna kuchotsa thermostat (kachitseko komwe kamatsegulira madzi njira yopita ku rediyeta injini ikatentha) ati chifukwa ndi ya kumayiko ozizira. Akufunsa ngati avomere.

Mayi, musavomere kaye. Injini simwa madzi monga imwera petulo. Madzi akamachepa ndiye kuti pali pomwe akutulukira, ndipo tipeze kaye pamenepo musanatulutse ndalama ya gasiketi, yomwe ndi ntchito yophwasula mutu wonse wa injini.

Yambani ndi chivindikiro cha rediyeta, kanthu kotchipa komwe ambiri sakaganizira. Pamwamba pake palembedwa 0.9 kapena 1.1. Nambala imeneyo ndi mphamvu yomwe chimapanikizira madzi kuti asawire pa madigiri 100 koma afike cha m'ma 120. Labala yake ikauma n'kung'aluka, madzi amawira msanga, amathamangira m'kabotolo ka madzi kapambali pa rediyeta n'kutayikira mumsewu muli paulendo. M'mawa pansi pamakhala pouma, inu n'kumadabwa. Gulani china cha nambala yomweyo.

Kenako usiku yalani katoni pansi pa injini. Kukacha onani pomwe padonthera, ndipo tsatirani m'mwamba ndi tochi. Funani zoyera kapena zapinki zouma ngati mchere m'mphepete mwa mapayipi, pamsoko pomwe pulasitiki ya rediyeta ikumana ndi chitsulo, ndi kunsi kwa water pump (pampu yozungulitsa madzi mu injini) pafupi ndi lamba. Gwiraninso kapeti wa kutsogolo: akakhala wonyowa ndi kafungo kotsekemera, ikudontha ndi hita, yomwe imafunditsa m'galimoto ndi madzi otentha a injini.

Gasiketi ili ndi zizindikiro zake. Injini ili yoziziratu, tsegulani chivindikiro, dzazani madzi, lizani galimoto. Thovu likamatuluka mosalekeza ngati Fanta wongotsegula kumene, mpweya wa m'masilinda ukulowa m'madzi. Onaninso kunsi kwa chitsekero cha oyilo ngati kuli phala looneka ngati tiyi wamkaka, ndi ku ekizozi ngati utsi woyera ukupitirira injini itatentha kale. Nthunzi ya m'mawa mu June si vuto. Zonsezi zikapanda kuoneka, uzani makanikoyo apope rediyeta ndi pressure tester, chipangizo chothandiza kuona pomwe pakudontha, inu mukuona.

Za thermostat ndiye ndikukana ndithu. Pa injini zambiri za Toyota imatseguka cha pa madigiri 82, ndipo injini imafuna kutentha kumeneko kaya ili kozizira ku Sapporo, ku Japan, kaya ku Nsanje. Mukaichotsa, injini imachedwa kufunda, kompyuta imaonjezera petulo, thumba n'kumabooka. Pa injini zina thermostat yomweyo imatsekanso kanjira kachidule, moti ikachoka madzi ena amangozungulira m'kati osafika ku rediyeta. Ngati akuikayikira, aichotse aiponye mumphika wa madzi pa mbaula. Madzi asanawire muona ikuyasama pang'onopang'ono. Ikakhala chete mpaka kubwadamuka, yafa, ikani yatsopano.

Chomwe chandikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi mawu akuti mumathira madzi a pamjigo. Madzi ambiri a m'mijigo ya ku Chigwa cha Shire ndi amchere, inunso mukudziwa momwe amasiyira zoyera zouma m'kati mwa ketulo. Timachubu ta rediyeta n'tating'ono kuposa mlomo wa ketulo. Galimoto yotentha pamzere wa magalimoto m'tauni nthawi zambiri vuto limakhala fani, fyuzi kapena relay yake. Yatsani AC muone ngati fani ikuzungulira. Koma yotentha pachitunda itanyamula katundu, ngati yanuyi, ndimakayikira rediyeta yotsekeka. Akaitsuke, kapena musinthe, kenako muthire kulanti, madzi apadera oziziritsira injini. Wapinki wa Toyota, Super Long Life, amabwera wosakaniza kale, osathiramo madzi. Wa kufakitale amayenda makilomita 160,000, wobwereza 80,000. Osasakaniza mitundu, ndipo za dzira laliwisi zomwe ena amathira kuti zitseke pobooka zisiyeni, zimangomaliza timachubu totsalato. Kulanti wakale musatayire pabwalo: amatsekemera koma ndi poizoni kwa ana ndi agalu.

Kanyali kakayakanso, patukani pomwepo muzimitse injini, musati ndikafike kaye pamwamba. Dikirani mpaka payipi yaikulu ya pamwamba izizire moti mutha kuifinya ndi dzanja. Ine ndinatsegulapo chivindikiro chili chamoto ndili mnyamata, chipsera chilipobe pamkono mpaka lero. Mukayala katoni uja, mundijambulire pomwe padonthera munditumizire.